Mchona wa maina anayi

Kuno ku Zóbuè munthu amafunsidwa za kwao m'njira ziwiri. Ku ofesi, kaya mukufuna bilyeti kaya mukulembetsa mwana, amayamba ndi dzina la bambo, ndipo dzina limenelo ndi limene mwana adzayenda nalo kuyambira ku sukulu mpaka ku ukalamba. Kumudzi, mukafika pa maliro pamene sakudziwani, nchembere zimafunsa zina: mayi wako ndani, nanga iyeyo anabadwa kwa yani? Mukayankha bwino akulozerani pokhala, ndipo mudziwa ngati muli m'gulu la olira kapena la adzukulu. Mafunso awiriwa sakangana masiku onse. Amayamba kukangana tsiku limene mukufuna munthu amene anasowa Aputukizi akadali pano.

Banja lililonse la m'mbali mwa msewu uno, kuyambira ku Kambulatsitsi, Mussacama mpaka pacipata ca malire, lili ndi mchona wake. Wathu anali atsibweni a mayi anga, mlongo wao wa agogo aakazi. Maina ao sindiwalemba muno, cifukwa ndi a mbumba yonse ndipo mbumba sinandilole. Tinakula tikudziwa zinthu zitatu za iwo: anacoka usiku, anali katswiri wa gule, ndipo anacoka njanji isanafike ku Moatize. Agogo anakana moyo wao wonse kuti tifulule mowa wa bona. Ankati munthu amene sunamve za imfa yake sumumetera.

Caka catha dalaivala wina wa malole amene amacokera ku Nyamapanda kupita ku Mwanza anasiya uthenga pa msika, woti ku Zimbabwe kuli munthu akufuna abale ake. Patapita miyezi iwiri munthuyo anabwera yekha, bambo wa zaka zoposa 40, wolankhula Cinyanja cosakanikirana ndi Cishona. Anabadwira pa famu ya fodya pafupi ndi Mvurwi, kumpoto kwa Harare. Agogo ake aamuna, amene anaikidwa pa famu yomweyo, ankati kwao ndi kuseri kwa phiri la Zóbuè. M'thumba anali ndi citupa ca agogo akewo, cokulungidwa mu pulasitiki. Ine ndine mphunzitsi, ndimawerenga Ciputukizi ndi Cingelezi pang'ono, conco anandipatsira ine. Dzina linali pamenepo palibe ndi mmodzi yemwe wa ife amene analimvapo. Pa malo olemba dziko panali Nyasaland, ndipo mfumu yolembedwa inali ya mbali ya Mwanza. Atsibweni anga, amene ndiwo nkhoswe yathu, anangoti, "Uyu ndi wa ku Malawi, walakwitsa khomo." Mukudziwa nokha mmene madimba a m'mbali mwa mtsinje acepera. Mlendo akabwera ndi nkhani ya cibale, aliyense amayamba kuwerenga mizere ya munda wake. Komabe mayi anati tisamubweze tisanafufuze, ndipo nchitoyo inagwera ine.

Mwamuna wa nthawi imeneyo kukhala ndi maina anayi sicinali cacilendo. Loyamba ankalandira ali khanda. Laciwiri ankatuluka nalo ku dambwe, ndipo kuyambira tsiku limenelo kumuchula dzina la ubwana unali mwano. Lacitatu linkalembedwa pa posto, m'buku la msonkho ndi mu kadeneta, kabuku kamene mwamuna aliyense amene boma linkamucha indígena ankayenera kuyenda nako. Wolembayo ankamva ndi khutu la Ciputukizi. Ife tikati Phiri iye ankalemba Piri kapena Pire, monga mmene Zobwe anasandukira Zóbuè. Ena analembedwa ndi dzina limene bwana wa pa nchito anawapatsa, ndiye cifukwa cake m'Mozambique muno muli mabanja a Sabonete, Alfinete ndi Canivete. Mzere umene mabukuwo ankatsata unali wa amuna, pakuti amuna ndiwo ankagwidwa cibalo.

Dzina lacinayi linabadwa cifukwa ca cibalo comweco. Lamulo loti munthu wakuda ayenera kugwira nchito linalipo kuyambira 1899, koma mu 1942 boma la ku Lourenço Marques linalikhwimitsa: mwamuna ankayenera kuonetsa kuti wagwirira boma kapena mzungu miyezi isanu ndi umodzi pa caka. Wopanda umboni, asupayi ankamutenga, ndipo wolimbalimba ankalawa palmatória m'manja. Pothawira panali pafupi. Pangano la Angelezi ndi Aputukizi la pa 11 Juni 1891 linaika malire pa mtunda umene umagawa madzi, kuti mvula yothamangira ku Shire ikhale ya Angelezi, yothamangira ku Zambezi ya Aputukizi. Midzi yathu inali kale mbali zonse ziwiri za mtundawo. Mnyamata ankangoyenda usiku umodzi nkufika kwa mayi ake aang'ono kutsidya, nyakwawa ya kumeneko nkumulemba ngati mwana wake, iye nkukhoma msonkho wa Angelezi nkulandira citupa ca Nyasaland. Ambiri ankasintha ndi dzina lomwe, kuti regulo wa kuno asazunze otsala. Citupa cimene mlendo wathu anabweretsa cinkanena zimene mwini wake anauza kalaliki tsiku limenelo, ndipo anali ndi cifukwa cabwino cobisira zina.

Ulendo wa ku Rhodesia unali wodziwika. Kuyambira 1913 panali pangano lolola Southern Rhodesia kutenga anchito ku Tete, ndipo cakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 boma la kumeneko linayamba kunyamula anthu a kumpoto pa malole osalipiritsa, amene anthu anangowacha Ulere. Mlatho wa pa Tete unatsegulidwa mu 1973. Kale anthu ankaoloka Zambezi pa pantoni kapena pa bwato. Ndikaganiza za mnyamata wobadwira kuno akudutsa m'dziko lake lomwe ndi pepala lomucha mlendo, ndimaseka pang'ono, ngakhale nkhani yake si yoseketsa.

Ndinayambira ku Moatize, cifukwa mng'ono wake wa mchonayo anagwira nchito mu mgodi wa malasha ndipo anakwatira komweko. Malasha a ku Moatize anayamba kukumbidwa ndi kampani ya ku Belgium zaka za m'ma 1920. Mu 1948 kunabwera Companhia Carbonífera de Moçambique, ndipo mu 1949 njanji yocokera ku Dona Ana inafika. Amuna ambiri a kumapiri kuno anatsikira kumeneko, ena mwa kufuna kwao, ena atamangidwa. Ana a mng'ono uja lero amalankhula Cinyungwe ndipo amawerenga mtundu kucokera kwa bambo, kotero kwa iwo mchonayo ndi bambo wamkulu, munthu wapafupi kwambiri kuposa mmene ife timamuonera. Mwana wamkazi woyamba, amene tsopano ndi gogo, anandilandira pansi pa mtengo wa mango, kutentha kwa ku Moatize kuli pa mutu. Anati kalata imodzi inabwera iye ali kamtsikana, ndipo inatayika pamodzi ndi sutikesi ya citsulo nthawi ya nkhondo. Koma ankakumbukira bambo ake akunena kuti akulu ao ali ku fodya, ku Mvukwesi. Ine sindinali nditachula kumene mlendo wathu anacokera. Mvurwi nthawi ya atsamunda inkalembedwa Umvukwes.

Za mabuku a boma sindicedwapo. Kufikira pa 6 Seputembala 1961, pamene lamulo la indigenato linathetsedwa, mabuku a kubadwa anali makamaka a azungu ndi a assimilados. Wa kumudzi ankawerengedwa pa kalembera wa msonkho. Mapepala ambiri a nthawi imeneyo ali ku Arquivo Histórico de Moçambique ku Maputo, monga a mbali ya Malawi ali ku National Archives ku Zomba. Mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira ku Maputo, anakakhala masiku atatu akuwerenga malipoti a oyendera maposto a Tete. Anapeza ziwerengero za amuna, za nyumba, za msonkho, ndi madandaulo a azungu oti anthu akuthawira ku Nyasaland. Maina a anthu wamba munalibe, munali a maregulo ndi manyakwawa. Zimenezo zinatithandizabe, pakuti mudzi wathu wasamuka katatu, ndipo dzina la nyakwawa ndi limene limakuuzani kuti mapepala akunena za malo ati. Wofuna kudziwa mmene mzungu wa boma ankationera awerenge Os Cheuas da Macanga, buku la António Rita-Ferreira la 1966. Iye anamvetsa kuti ife timatsata amayi, koma mafomu a boma limene ankaligwirira nchito sanasinthe cifukwa ca ico.

Buku limene linandipatsa kanthu kogwira ndi la ubatizo. Agogo anabatizidwa ali mayi wa ana kale, nthawi imene dera lino linali pansi pa dayosizi ya Beira, pakuti ya Tete inakhazikitsidwa mu 1962. Mabuku a mishoni aona zambiri. A Padres Brancos, amene ankayendetsa seminale ya Zóbuè, anacoka m'dziko muno mu 1971 pokana kukhala mbali ya boma la atsamunda. Mu 1975 masukulu ndi zipatala za mishoni zinatengedwa ndi boma. Kenako kunabwera nkhondo. Buku limene ndinaona linapulumuka cifukwa katekista wina analisunga m'nyumba mwake, ndipo ciswe cinadya ngodya imodzi. Padiri pobatiza amafunsa bambo, mayi, mudzi ndi mboni. Pa mzere wa agogo ndinapeza dzina lenileni la mayi ao, amene ndi mayi wake wa mchonayo. Tonsefe tinkangowadziwa ndi dzina la ulemu la mfunda, monga timachulira akazi aakulu, ndipo ngakhale mayi anga anali asanalimvepo dzina lao la ubwana. Ndinalikopera mu kope langa, osauza munthu.

Panatsala munthu mmodzi amene anamuona mchonayo ndi maso, mwana wa mayi aang'ono a agogo. Anathawira ku Malawi mu 1986, pamene anthu a kuno anadzaza misasa ya Chifunga ndi Luwani, ndipo mtendere utabwera mu 1992 iwo sanabwerere, cifukwa ana ao anali atakwatiwa kumeneko. Tinapita atatu, ine, mayi ndi mlendo, kudzera njira ya m'minda imene inu nonse mumaidziwa. Tinawapeza akusenda cinangwa. Citupa sanacigwire nkomwe. Anayamba ndi kutiwerengera mbumba, ndipo ndikanakonda ana a sukulu akanamva mmene anacitira. Sanachule caka ngakhale cimodzi. Anayambira pa mkazi amene anamanga mudzi woyamba, nkutsika bere ndi bere, lalikulu kenako laling'ono, mwana aliyense pa malo ake, akufa ali makanda omwe. Nthawi ankaiyeza ndi zocitika: uyu anabadwa caka ca dzombe, uyu ankayamwa pa njala ya 49, uyu anatha msinkhu titalowa mu aldeamento. Amuna okwatira m'mudzimo ankawachula mongodutsa, ngati anthu amene anabwera kudzathandiza kulima. Atafika pa mchonayo anati anacoka iwo atangoyamba kutunga madzi ndi kamtsuko, mvula ziwiri njala isanagwe. Njalayo ndi ya 1949, ndipo zikugwirizana ndi za njanji zija.

Kenako anatembenukira mlendo. "Iwe mwanawe, agogo akowo ankadya ndi dzanja liti?" Iye anati lamanzere, ndipo ankakalipira aliyense wowaseka. Anamufunsa ngati ankavina. Iye anati ndiwo anali mwini dambwe pa famu, kumene Ashona amacha gule wathu zvigure. Agogo sanaonetse kanthu pa nkhope, pakuti amanzere ndi ambiri ndipo ovina ndi ambiri. "Chula ana ao, kuyambira woyamba." Mlendo anati woyamba anali wamkazi, nkuchula dzina. Agogo anaika mpeni pansi. Ine ndinatsegula kope nkuonetsa mayi, cifukwa linali dzina lomwe lija la m'buku la ubatizo. Munthuyo anasintha dzina lake ndi dziko lake pa pepala, koma mwana woyamba amene anabala ku fodya anamucha dzina la mayi ake.

Pobwerera tinadzera ku manda a mudzi wakale. Anthu anacotsedwapo pamene nkhondo ya ufulu inakula m'Tete muno, Frelimo itatsegula nkhondo kuno mu 1968, ndipo Aputukizi anayamba kuunjika midzi mu aldeamento. Nyumba zinatha kalekale, pamene panali bwalo pali cimanga ca munthu wina, koma nkhalango ya manda palibe anaidula. Mayi anatha kuloza pamene pagona agogo ao poyang'ana mtengo. Anzathu a ku Chipanga ndi Malabwe, amene anasamutsidwira ku Cateme mu 2009 ndi 2010 cifukwa ca mgodi watsopano, anasamuka ndi manda omwe, koma mitengo imene nchembere zinkalozera inatsala. Amene muli ndi manda akale oti akadalipo, pitani ndi mkulu wanu akadayenda, mukalembe.

Cibale cinapezeka, koma mlandu unali usanathe. Ku Zimbabwe mwana ndi wa bambo. Mlendo wathu anakula akuuzidwa kuti kwao ndi kumene kunacokera agogo ake aamuna, ndipo citupa cake ca kumeneko cinali ndi cizindikiro ca mlendo ngakhale iye ndi bambo ake anabadwira komweko. Mafamu atayamba kulandidwa mu 2000, anchito ambiri a mtundu wa ku Malawi ndi ku Mozambique anataya nchito ndi nyumba tsiku limodzi, opanda mudzi wothawirako. Malamulo aakulu a dzikolo a 2013 anabweza unzika kwa ambiri obadwira kumeneko, koma unzika sumupatsa munthu munda. Tsono wafika kuno, kumene anauzidwa kuti ndi kwao, ndipo ife tikumuuza kuti mwana ndi wa mayi. Ana a atsibweni ndi asuweni, timaseka nao, timakwatirana nao, koma nthaka ya mbumba imatsika ndi ana aakazi. Mayi ake a mlendoyo nao anali mwana wa mchona wina wa ku Dedza. Ana a machona ambiri ali pamenepa: uko akuti pitani kwa bambo anu, kuno tikuti pitani kwa mayi anu. Amene mukuwerenga mbali ya Ciputukizi muona mau oti mbumba atamasuliridwa kuti família, ndipo vuto lonseli labisika m'mau amodzi amenewo.

Mbumba inakumana kwa atsibweni. Panali mau olimba. Mayi aang'ono anati munthu amene agogo ake anathawa cibalo kuti alongo ake asavutike sangapatsidwe madzi akumwa okha nkubwezedwa. Atsibweni anati akapatsidwa munda lero, mawa ana ake adzabwera ndi malamulo a kwao nkunena kuti ndi wa bambo ao, ndipo adzukulu athu aakazi adzalima kuti? Onse awiri ankanena zoona. Anagwirizana kuti amubwereke cigawo ca dimba, alime moyo wake wonse, ndipo zinenedwe pamaso pa nyakwawa kuti ndi cobwereka. Ine ndikuona kuti cigawoco ndi cacing'ono kwa munthu wa ana anayi, ndipo ndinanena pa msonkhanopo. Koma ndine mwamuna, ana anga naonso sadzalima pamenepo, conco mau anga analemera monga mmene anayenera kulemerera.

Kope langa tsopano lili ndi masamba 23. Ndinalilemba monga agogo a kutsidya anawerengera, tsamba lililonse kuyambira pa mkazi, ndipo mwamuna aliyense ndinamulembera maina ake onse, ndi kumene dzina lililonse linkagwira nchito. Ku ofesi kope limeneli silingamupatse mlendo wathu bilyeti, ndipo ndinamuuza poyera kuti asayembekezere zimenezo.

Popeza tsopano tinali titamva za imfa, panalibenso coletsa bona. Titakolola, akazi anafulula mowa, abale a ku Moatize anakwera shapa, a kutsidya anadzera m'minda, ndipo agogo aja anabwera atakwezedwa pa njinga yamoto. Gule anatuluka m'bandakuca. Pochula womwalirayo atsibweni anachula dzina la ku dambwe, limene mdzukulu wake anali asanalimvepo, ndipo iye anandipempha kuti ndimulembere pa kapepala, nkukaika mu pulasitiki muja pamodzi ndi citupa. Anabwerera ku Zimbabwe pa lole ya dalaivala yemwe uja. Wanena kuti abwera ndi mkazi wake ndi ana awiri aang'ono mvula isanayambe, ndipo atsibweni akhoma kale zikhomo m'malire a dimbalo.